Mathiraki Athu Anapita ndi Simu ya Malemu

Ntchito ya kwa a Mbewe ndinaipeza chifukwa cha mwano. Ndinali nditasiya sukulu ndili Folomu 3, fizi itasowa, ndipo za zimenezo ndisanene zambiri chifukwa zimandinyansa mpaka lero. Ndinkakhalira maganyu pa Madisi, kusenza matumba a chimanga kuchoka pa sikelo kukaponya pa lole. Maganyu akasowa ndinkakaima pakhomo la shopu ya a Mbewe n'kumaonerera anzanga a ndalama akusewera.

Shopuyo inali kachipinda kamodzi kuseri kwa anthu okazinga tchipisi. M'katimo munali kompyuta imodzi, TV yaikulu yolumikiza ku kompyutayo, mpando wozula mu minibasi yakufa, ndi tebulo limene anamangirirapo chiwongolero. Pansi panali zopondera zitatu, kilatchi, buleki ndi moto, ndipo pambali panali giya. Munthu ankalipira, n'kukhala pampandopo, n'kuyendetsa thiraki ya pa TV ngati yeniyeni: kukoka ngolo, kuyatsa indiketa, kuima pa maloboti, kukatula katundu kumene wamutuma. Sinali gemu yowomberana kapena yothamangitsana. Ukathamanga kwambiri apolisi a mu gemumo ankakulipiritsa, ukakhota moipa ngolo inkagwera m'ngalande. A Mbewe anabwera nazo zipangizozi kuchokera ku Joni, kumene anakhala zaka zambiri akutsuka mathiraki a eni ake. Ankafuna udalaivala koma maso anawakaniza.

Tsiku limenelo chimbale cha gemu chinkakana kuwerengeka. A Mbewe anachitulutsa n'kumachipukuta ndi malaya, mozunguliza, malayawo ali ndi fumbi la pamsewu.

"Mukuchipha chimbalecho, madala," ndinatero ndili pakhomo.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ngati umadziwa lowa. Ngati sudziwa choka, ukutitchinga kuwala."

Ndinawauza kuti andigulire mankhwala otsukira mano, oyera aja osati obiriwira. Ndinapaka pang'ono pa mikwingwirima, n'kumasisita ndi chala kuchoka pakati kupita m'mphepete, osati mozunguliza, kenako ndinachitsuka ndi madzi n'kuchiumitsa ndi kansalu kofewa ka magalasi awo. Chinawerengeka.

"Ubwere mawa seveni koloko," anatero. "Koma pakamwa pakopo ukapasiye kunyumba."

Sindinapasiye, ndipo iwo anazolowera.

Ntchito yake inali iyi. M'mawa ndinkasesa nditawaza madzi kuti fumbi lisauluke, chifukwa fumbi la pa Madisi limapha kompyuta msanga kuposa magetsi. Loweruka lililonse ndinkatsekula kompyutayo n'kuipemerera ndi pampu ya njinga. Ndinkamangitsa zomangira chiwongolero ku tebulo, popeza anthu ankachikoka ngati akuzula chinangwa. Ndikayatsa, ndinkapotoza chiwongolero mpaka kumapeto kumanzere, mpaka kumapeto kumanja, n'kuponda zopondera zonse chimodzichimodzi kuti kompyuta idziwe malire ake. Ukaiwala zimenezi thiraki imayenda mokhota ndipo kasitomala amafuna ndalama yake. Kenako inali ntchito yoyang'ana wotchi ndi kukangana ndi anthu amene nthawi yawo yatha ali pakati pa ulendo.

Ankabwera anali a kabaza, makondakitala, aphunzitsi ena akaweruka, ndi alimi akagulitsa fodya. Wosaphonya anali Kenani, kondakitala wa minibasi ya ku Lilongwe, bambo wa ana awiri amene anakhala zaka akulendewera pachitseko kudikira tsiku loti bwana wake adzamupatse chiwongolero. Ankafika ndi makobidi m'manja, fumbi mpaka m'nsidze.

"Adala, ndipatseni galimoto, katundu wa azungu akuchedwa."

"Dzulo unapha ng'ombe ziwiri ndi chikwangwani," a Mbewe ankamuyankha. "Iwe Limbani, umuyang'anitsitse ameneyu, asatithyolere giya."

Magemu tinali nawo atatu, onse a m'mabokosi: ya mathiraki, ya mabasi, ndi ya ulimi wa mathirakitala imene anthu ankaikana, akuti kulima atopa nako kumunda. Bokosi lililonse linali ndi chimbale, kabuku, ndi kapepala komata m'kati kolembedwa manambala otsekulira gemu. Popanda chimbale m'kompyuta gemu sinkayaka. A Mbewe ankasunga mabokosiwo m'dirowa yokhoma, atawakulunga m'jumbo, ndipo kiyi wake ankayenda naye m'thumba.

Amene anawasiyitsa a Mbewe magemu a m'mabokosiwo ndi ine. Ndinene poyera, chifukwa ambiri akamasimba nkhani ya shopu ija amaimba mlandu abale a malemu okha.

Gemu ya m'bokosi inali yakale. Misewu yake inali yomweyomweyo, anthu anailoweza, ena anayamba kusiya kubwera. Ine ndinkaona pafoni kuti kunja kunatuluka ina, ya misewu yambiri, mvula yooneka ngati yeniyeni, ndiponso munthu aliyense amakhala ndi dzina lake, kuyamba ngati dalaivala waganyu mpaka kugula mathiraki ake ndi kulemba antchito. Koma imeneyo sinkapezeka m'bokosi kuno. Unkayenera kuigula pa sitolo ya pa intaneti. Ndinawavutitsa nayo a Mbewe mwezi wathunthu.

"Chabwino," anatero tsiku lina. "Ndikalipira, bokosi lake lifika liti?"

"Kulibe bokosi."

"Nanga ndikugula chiyani?"

"Gemu."

"Ili kuti?"

"Mu akaunti yanu."

"Akauntiyo ili kuti? Ndingaike m'dirowamu?"

Ndinaseka mpaka anthu a tchipisi anasuzumira. Ndinawauza kuti chikale chawo chidzawapha, kuti chimbale chimakalika, chimabedwa, chimasweka, koma za pa intaneti sizitha, olo shopu itapsa. Ndinanena zimenezo ndi mtima wonse, ngati munthu wodziwa.

Kugula kwake sikunali kophweka. Khadi lawo la ku banki linakanidwa pa sitoloyo. Tinapeza mkulu wina wa ku Lilongwe amene ankagulitsa makhodi: umamutumizira ndalama pafoni, iye n'kukutumizira uthenga wa zilembo ndi manambala, ukalemba pa sitoloyo akaunti yako imaoneka kuti ili ndi ndalama. Akaunti inkafuna imelo. Ndinatsekula imeloyo pafoni ya a Mbewe, ndi nambala yawo, popeza ndalama zinali zawo. Pasiwedi tinaika dzina la mwana wawo woyamba, Tadala, ndi chaka chimene anabadwa. Kuti gemuyo itsike yonse m'kompyuta panapita masiku anayi, foni itapachikidwa pawindo pamene netiweki inkagwira, bandulo ikutha, magetsi akuzima, ine ndikutukwana.

Koma itayaka, a Mbewe anakhala pampando, anatuluka nayo thiraki pa depoti mvula ikugwa, mawaipa akupukuta galasi. Pambuyo pake anangoti, "Iwe mwano wako uli ndi ntchito."

Anthu anabwerera. Pakhomo pankakhala mzere, ndipo tinagula benchi. Chimene chinkawakoka sichinali misewu yokha ayi, koma kuti zimene wachita lero mawa uzipeza. Ndinkadzitama kwa iwo kuti zonse zimasungika mu akaunti, kunja, kumene mbewa sizifika. Kenani anayamba ndi thiraki yobwereka. Patatha chaka anali ndi kampani ya mathiraki asanu ndi awiri, onse obiriwira, olembedwa dzina la mwana wake wamkazi pachitseko. Mkazi wake akamuimbira ankayankha kuti, "Ndili pamsewu, ndiimba ndikatula." Pakapita miyezi ingapo a Mbewe ankagula khodi ina n'kuwonjezera misewu ya dziko lina kapena ngolo zatsopano. Mabokosi aja anachoka m'dirowa, ndinawaika pa shelefu kuti azikongoletsa.

A Mbewe anamwalira m'Januwale, mvula ili pakati. Anali a BP. Anagwa akutsekula shopu, tinawatengera kuchipatala, ndipo tsiku lachitatu anatisiya. Tinakawaika kwawo, m'mapiri a ku Ntchisi.

Atameta maliro, abale anabwera pa Madisi kudzaona katundu wamasiye. Wotsogolera anali mkulu wawo wa malemu, a Lufeyo, mlimi wa fodya, munthu wochepa mawu. Sanali anthu olanda. Anagwirizana kuti kompyuta, TV ndi chiwongolero zitsale kwa mkazi wa malemu, amake Tadala, kuti shopu iziyenda, ana atatu aja azidya ndi kupita kusukulu. A Lufeyo anatengako jekete, njinga, foni, ndi mabokosi atatu a pa shelefu, akuti akhale chokumbukira mng'ono wawo. Ine ndinali pomwepo. Ndinaona foniyo ikulowa m'thumba la malaya awo ndipo sindinanene kanthu. Gemu inkayaka bwinobwino tsiku lililonse osafunsa foni. M'mutu mwanga simunabwere chilichonse.

Tinayenda choncho miyezi iwiri. Amake Tadala ankabwera madzulo aliwonse kudzatenga za tsikulo, ndipo ndiwo zawo, sopo ndi makope a ana zinkachokera pampando wa minibasi uja. Kenako tsiku lina magetsi anazima n'kubwerera mwamphamvu. Kompyuta inanunkha. Chimene chinapsa ndi hadi disiki, kachitsulo kosunga zonse za m'kompyuta.

"Musadandaule, mayi," ndinawauza. "Gemu ili mu akaunti. Tingogula disiki ina."

Anagulitsa mtedza umene ankasungira mbewu, ndipo ndinakagula disiki yogwiritsidwapo kale ntchito ku Mponela. Ndinaika zonse mwatsopano. Ndinatsekula sitolo ija, ndinalemba dzina la akaunti, ndinalemba pasiwedi. Inavomera. Kenako inalemba kuti kompyutayi siikuidziwa, yatumiza khodi ku imelo, ndilembe khodiyo. Ndinapita ku imelo. Imelo nayo inati siikundidziwa, yatumiza khodi ku nambala ya foni. Nambala ya a Mbewe.

Ndinaimba nambalayo. Sinkapezeka. Ndinaimba tsiku lonse.

Ndinalembera eni sitolo ndi Chingerezi changa cha Folomu 3. Patapita masiku anayankha mwaulemu kuti ndiwatumizire umboni woti akauntiyo ndi yanga, monga khodi yoyamba imene tinagulira. Makhodi onse anali m'mauthenga a m'foni ija. Mkulu wa ku Lilongwe anati iye amafufuta mauthenga akangogulitsa. Kugulanso gemu ndi misewu yake yonse kunali kosatheka kwa mayi amene wangogulitsa mbewu. Ndinakatenga gemu yokopera kwa anyamata obena nyimbo ndi mafilimu. Inayaka, koma inkazima yokha pakati pa ulendo, giya siinkaimva, ndipo munalibe dzina la munthu aliyense.

Kenani anakhala pampando n'kuyang'ana TV.

"Aise, mathiraki anga ali kuti?"

"Alipo. Atsekeredwa."

"Ndiye ndiyambirenso uganyu? Masana ndine kondakitala, kunonso ndikhale waganyu?"

Anatenga makobidi ake pa tebulo n'kutuluka. Sabata imeneyo benchi inakhala yopanda munthu.

Amake Tadala ndi amene anati ndipite ku Ntchisi. A Lufeyo nambala yawo sitinali nayo, ndipo kwawoko netiweki imagwira pa chulu chimodzi. Anandipatsa ya thiransipoti yomangidwa pa nsonga ya chitenje. "Ukalankhule bwino, Limbani. Ndi alamu anga amenewo. Mwano wakowo ukausunge."

Ndinanyamuka m'mawa, minibasi mpaka Mponela, ina mpaka Ntchisi boma, kenako njinga yamoto yokwera mapiri. Pamene msewu unakokoloka wa njingayo anandisiya, ndipo ndinayenda wapansi ola lathunthu, kukwera ndi kutsika, m'minda ya chimanga chouma. Njira yonse ndinkadziuza kuti nkhani yake ndi yaing'ono. Ndikapempha foni, ndiima pa chulu, khodi ilowa, ndiilemba pa dzanja, basi.

Ndinawapeza a Lufeyo m'chigafa akusankha fodya. Anandizindikira, anaitana akazi awo, anandiyalira mphasa. Tinapatsana moni wa munthu aliyense, wa amake Tadala, wa ana mmodzimmodzi, wa mvula ya ku Madisi. Anabweretsa maungu ophika. Ndinadya, chifukwa kumeneko sungayambe nkhani mbale ili patsogolo.

"Bambo, ndabwerera foni ya malemu ija. Sindikuitenga ayi. Ndingoigwiritsa ntchito mphindi zochepa."

"Ilipo. Amayi, tabweretsani foni ija."

Mtima unakhala pansi. Anandipatsa ndi manja awiri. Inali yomweyo, yosweka pakona. Koma nditayatsa ndinapeza chithunzi cha mwana wosamudziwa, ndipo mauthenga munalibe.

"Inali yokhoma," anatero a Lufeyo. "Tinakaipereka kwa wokonza mafoni pa boma, anaitsuka yonse."

"Nanga simu ya malemu? Kakhadi kam'kati kaja?"

Anayang'anizana ndi akazi awo. Kenako anaika pansi tsamba la fodya limene linali m'manja mwawo.

"Mwana wanga, kanthu kaja kanatichititsa manyazi. Titangobwera kuchokera ku Madisi, foniyo itatsukidwa, ndinati ndimuimbire mlongo wathu wa ku Mvera, ndimuuze mmene tagawanira katundu. Sindinaganize. Iye anali pa mjigo. Foni yake ikulira, kuyang'ana, dzina lotuluka ndi la mchimwene wake amene wamuika m'manda sabata yatha. Anagwa pomwepo. Anachita kumuthira madzi. Mpaka lero foni ikalira amapatsa mwana kuti ayambe waona."

"Ndiye munaichotsa n'kuisunga?"

"Amayi athu otibereka atamva anati nambala imeneyo isadzalirenso kwa munthu aliyense. Ndinaidula ndi mpeni n'kukaitaya m'chimbudzi. Munthu tinamuika. Nambala yake izingoyendayenda m'mafoni a anthu?"

Ndinapempha kuti andilozere kuchimbudzi. Anaganiza kuti ndi maungu aja. Ndinalowa, ndinaima pamwamba pa dzenje, n'kumayang'ana pansi ngati chitsiru, ntchentche zikundimenya kumaso. Sindikudziwa chimene ndinkayembekeza kuona. Ndinakhalamo nthawi yaitali, mpaka ndinamva akazi awo akufunsa ngati mlendo ali bwino.

Nditatuluka, malangizo a amake Tadala ndinali nditawaiwala.

"Bambo, mwataya shopu yonse m'chimbudzi."

Sanakwiye. Zikanakhala bwino akanakwiya. Anandifunsa modekha kuti ndikutanthauza chiyani, ndipo ndinayesa kufotokoza. Ndinati magemu amene anthu amalipira ali mu akaunti, akaunti imatsekulidwa ndi imelo, imelo imatsekulidwa ndi nambala. Ndinkadzimva ndekha kuti ndikuyankhula ngati wamisala.

"Ife katundu tinamuona ndi maso," anatero. "Makina onse tinasiyira mlamu wathu, ndipo sitinatengepo ngakhale waya. Iwe ukuti m'kanthu kochepa ngati chikhadabo munali mathiraki?"

"Munalibe mathiraki. Kanali ngati kiyi."

"Kiyi akatayika timathyola loko."

"Loko wake ali kunja kwa dziko lino."

"Ndiye mng'ono wanga Yohane anapereka ndalama zake kwa anthu akunja, iwo n'kusunga katunduyo kwawo, n'kusunganso loko?" Anapukusa mutu. "Yohane sanali wopusa choncho. Anamuuza zimenezi ndani?"

Akazi awo anayang'ana pansi.

"Ndipo iwe unalipo tsiku logawana. Unandiona ndikutenga foni. Bwanji sunanene?"

Pa Madisi ponse ndinkadziwika kuti sindigonja pa mkangano, koma mlimi wa fodya amene sanagwirepo kompyuta anandifunsa mafunso awiri ndipo ndinangokhala pamphasa ngati mwana wakuba shuga.

Ndinakumbuka mabokosi. Gemu yakale ija inali yotopetsa, koma inkamva giya, sinkazima, ndipo sinkafunsa nambala ya munthu. Ikanatha kugwiriziza shopu. Ndinawapempha.

"Amenewo tenga, ndi anu omwe," anatero, akuoneka kuti asangalala kupeza chondipatsa.

Mabokosiwo anali osamalidwa bwino, pamwamba pa kabati. M'limodzi munali ziphaso zawo za unzika, m'lina timapepala ta mbewu ya fodya. Zimbale munalibe. Anandiperekeza kuseri kwa nyumba, pa mtengo wa mango pamene nkhuku yawo inkayenda ndi anapiye. Zimbale zitatu zinkalendewera pa nthambi, zikuzungulira ndi mphepo, zikuthwanima. Chilichonse anachiboola ndi msomali wamoto kuti apisepo ulusi.

"Kabawi anatimaliza anapiye chaka chatha," anatero akazi awo. "Chipachikireni zimenezi sanabwerenso."

Zinali zitakhala padzuwa ndi pamvula miyezi iwiri, zitapindika, siliva wake akusupuka. A Lufeyo anakwera okha pa mpando n'kuzimasula, anazipukuta ndi malaya, anaziika m'mabokosi n'kundipatsa. Anawonjezera maungu awiri oti ndikapatse ana a malemu. Ndinathokoza. Ndinatsika mapiri aja nditasenza maungu ndi zinyalala zitatu, ndikudziwa kuti palibe chimene chiwerengeke, koma kuzisiya sindikanatha chifukwa ndikanafika kwa amake Tadala chimanjamanja.

Ndinawapeza atakhala pa benchi ya pashopu, Tadala ali pambali pawo ndi yunifolomu. Sanandifunse. Anaona nkhope yanga, anaona maungu, ndipo anauza mwanayo kuti atsogole kunyumba.

"Ananyoza?" anafunsa.

"Ayi. Anandilandira bwino."

"Ndiye basi."

Anayesabe. Anapita ku ofesi ya kampani ya mafoni kukapempha simu ina ya nambala yomweyo. Anawauza kuti pakufunika mwini wake ndi chiphaso chake. Atanena kuti mwini wake ali m'manda, anawauza za makalata oti akatenge kuchipatala ndi ku boma. Anapita ku Dowa kawiri, ulendo wina anapeza wosaina kulibe, ulendo wina anawauza kuti pepala lina lasowa. Kachitatu ndalama ya minibasi inalibe kochokera. Anandiuza kuti chipindacho achisunga mpaka kutha kwa Juni, zikakanika achibweza kwa mwini wake.

Ine ndinali ndi chizolowezi choimba nambala ija tsiku lililonse, popanda chifukwa. Sabata yomaliza ya Juni inalira. Anayankha mayi wina, kumbuyo kukumveka phokoso la pamsika. Nambalayo a kampani ya mafoni anali ataigulitsa kwa munthu wina.

Ndinalankhula mwaulemu umene sindinaugwiritsepo ntchito chibadwire. Ndinati nambala imene ali nayoyo inali ya bwana wanga amene anamwalira, kuti pafoni pawo palowa uthenga wa manambala asanu ndi imodzi, ndipo ndikupempha kuti angondiwerengera, ana amasiye adye.

"Manambala olowa pafoni panga ndikuwerengereni inu?"

"Eya mayi, si za ndalama ayi, ndi za gemu ya..."

"Ndimakudziwani inu. Mwezi watha munabera mchemwali wanga chonchi, munati ndinu a mpingo. Lero mwabwera ndi maliro. Mulungu akukuonani, bambo."

Anadula. Nditaimbanso anali atanditseka. Amake Tadala anaimba pa foni yawo, ndipo atangotchula za khodi nawonso anatsekedwa. Kenani anati ayese iye, amadziwa kulankhula ndi anthu, koma anatukwanidwa mpaka anachotsa foni kukhutu. Sindinawakwiyire mayiwo. Ndikanakhala ine ndikanatukwana kuposa pamenepo.

Shopu inatsekedwa pa mapeto a mweziwo. Chiwongolero, zopondera ndi giya anagula munthu wina wa ku Dowa boma pa mtengo wa chifundo. Amake Tadala anayamba kugulitsa mandasi pa geti la sukulu, ndipo Tadala anapita kukakhala kwa azakhali ake ku Mvera chifukwa pakhomo sipakanatha kudyetsa onse atatu. Kenani akadali pachitseko cha minibasi. Tikakumana amandipatsa moni, koma za mathiraki sitikambirana. Ali kwinakwake, asanu ndi awiri, obiriwira, olipiridwa, ndipo palibe munthu wamoyo amene angawafikire.

Anthu akamandifunsa kuti chabwino n'chiti, kugula gemu ya m'bokosi kapena ya pa intaneti, amayembekeza kuti ndinena bokosi. Koma zimbale za m'mabokosi athu nazonso zinathera pa mtengo wa mango. Kusiyana kwake n'kwakuti chimbale munthu amachiona, akachiononga umadziwa wochiononga, ndipo chikanakhala chabwino a Lufeyo akanandibwezera tsiku lomwelo popanda kalata ya ku boma. Za pa intaneti ndi zabwino, zilibe fumbi, sizikalika. Koma kwathu kuno munthu akafa katundu amagawidwa ndi anthu amene amakhulupirira maso awo, ndipo chimene sichioneka pamphasa sichisamalidwa. Ine ndinkadziwa zonsezi, maliro ndakhala ndikupita chibadwire. Ndinangolephera kutenga pepala ndi cholembera n'kulemba imelo, pasiwedi ndi makhodi, kuika nambala yachiwiri ya amake Tadala, n'kuwauza kuti simu ya amuna awo ndiyo shopu. Inali ntchito ya mphindi zisanu.

Panopa ndimakhala pa tebulo la mnzanga wokonza mafoni, pafupi ndi depoti. Anthu amabwera kuti ndiwatsekulire imelo, akaunti ya izi ndi izo, ena ofuna kugula magemu a ana awo. Ndisanagwire foni yawo ndimawafunsa kuti, "Mukafa, foniyi atenga ndani, ndipo akudziwa zimene zili m'katimu?" Ambiri amakwiya, amati ndikuwalodza. Ena amanyamuka kupita kwa wina. Apite. Amene watsala ndimamupatsa pepala kuti alembe zonse ndi dzanja lake, ndipo sinditsekula kanthu mpaka atanditchulira dzina la munthu amene akamupatse pepalalo.